Lipoti la msonkhano wa anthu a IT ndi za bizinesi

Apampando, akomiti, abale ndi alongo a gulu lathu la amakompyuta muno mu Harare,

Ku msonkhano wa masiku awiri umene munandituma uja ndabwerako. Zikomo pondikhulupirira. Malisiti a kombi ndi a chakudya ndapereka kale kwa asungichuma.

Zam'mawa wa tsiku loyamba zinali zolankhula za utsogoleri zimene ambirife tinamvapo kale. Chimene chinandikhudza chinachitika masana. Anatigawa awiriawiri, wina akhale mwini golosale, wina wa IT. Makina a swipe aima, mzere wafika pakhomo, wa IT afotokoze. Ine ndinayamba ndi netiweki ndi seva. Mayi amene ndinali nawo, omwe ntchito yawo ndi ya maakaunti, anandidula pakamwa mwaulemu. Iwo amangofuna kudziwa ziwiri: anthu ali pamzerewo adikire kapena alipire pa EcoCash (ndalama za pa foni), ndipo zitheka nthawi yanji. Abale, mwini shopu aliyense amafunsa zimenezi, koma ife timamuyankha za makina.

Tsiku lachiwiri tinalowa m'nkhani ya ndalama. Chiyambire April 2024 pamene ndalama yatsopano ya Zimbabwe, ZiG, inabwera, mashopu ambiri amagulitsa ndi ndalama ziwiri, ZiG ndi dola ya America, ndiye reti yosinthira ndalamazi ikalakwika m'kompyuta, tilu iliyonse imaluza mpaka wina azindikire. Makina a malisiti amatumizanso malonda ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, kotero kuwazimitsa kumapeto kwa mwezi popanda kufunsa a maakaunti n'kuwaputira mavuto. Za lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu, limene POTRAZ, bungwe loona za mtokoma ndi matelefoni, imayang'anira, anatilangiza kuti tizilifotokoza kwa mabwana ngati nkhani ya chindapusa ndi mbiri ya kampani. Ngakhale popempha inveta kapena sola chifukwa cha kuthima kwa magetsi, tiyambe tawerengera maola amene malonda amaima, mtengo wa mabatire ubwere pambuyo.

Pali pamodzi pamene sindinagwirizane nawo. Wolankhula wina amati luso lokhala bwino ndi anthu timaligula ku makosi. Ife ana a makolo amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi tinakulira m'kupereka moni ndi kumvetsera akulu akamalankhula. Chimene chimatisowa n'china. Ulemu womwewo umatitseka pakamwa: bwana akalamula chinthu chimene tikudziwa kuti chigwetsa sisitimu, timangoti chabwino, kenako tikudandaula tokha m'kombi. Tiyenera kuphunzira kunena kuti ayi mwaulemu, tili ndi chifukwa chake m'manja. Komanso kufunsa, paja safunsa adadya phula. Ndi angati mwa ife amadziwa chimene chimabweretsa ndalama zambiri kumene akugwira ntchito?

Ndikupempha kuti aliyense apemphe tsiku limodzi mwezi uno akhale pa tilu, ku risepushoni kapena ku maakaunti, angoona ndi kumvetsera. Ndipo tikamakumana ku Mufakose Loweruka, mmodzi azifotokoza vuto la kompyuta m'Chichewa kwa mmodzi wa akuluakulu athu amene sagwira kompyuta, mpaka iwo avomere kuti amva. Loweruka likubwerali ndiyamba ndine. Apampando, chonde muike nkhaniyi pa ajenda.

Ine nthumwi yanu.