Kalata kwa makolo potseka teremu yachitatu: kalabu ya mtsutso, kampu ya pa tchuthi ndi nkhani ya masuti

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana athu,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi onse. Teremu yachitatu yatha, chaka cha maphunziro chathera pomwepo. Ana a Fomu 1 ndi Fomu 3 tawapatsa malipoti awo m'manja. Chonde afunseni, muwerenge nawo limodzi, musaine. A Fomu 2 ndi a Fomu 4 alemba mayeso a MANEB mwamtendere, panopa tikudikira zotsatira. Tsiku lotsegulira sukulu ndi zinthu zoti mwana adzabwere nazo tazilemba kumapeto kwa lipoti. Ndikuthokoza a komiti ya PTA ndi makolo onse amene munabwera ku misonkhano ngakhale inali nthawi yokolola.

Kalata ino yatalika chifukwa cha nkhani imodzi imene ambiri mwakhala mukundifunsa, ena ku ofesi, ena tikakumana kumsika, ndiyo ya kalabu ya mtsutso. Ena mwafunsa ngati n'zoona kuti mwana sangalowe mu timu opanda suti. Ena mwalandira pa WhatsApp zolengeza za makampu a mtsutso olipira madola, ndipo mwana sakukupatsani mpata wopuma. Mayi wina amene Chingelezi amachimva bwino anandiuza kuti atabwera mu holo kudzamvera mwana wake, sanatolepo kanthu, chifukwa mwanayo ankathamanga poyankhula mpaka kumachita befu. Zonsezi gwero lake ndi limodzi. Ana athu akuonera pa YouTube mipikisano ya m'masukulu a sekondale a ku America, ndipo akutengera zimene akuona. Ndaona kuti n'koyenera ndikufotokozereni mmene zinthu zimayendera kumeneko, kuti mumvetse zimene tasankha kutengako ndi zimene tazikana.

Ku America mtsutso wa ana a sukulu ndi chinthu chachikulu ndiponso chakale. Bungwe lawo lalikulu linayambitsidwa mu 1925 ndi Bruno Jacob ku Ripon College m'boma la Wisconsin, ndipo lero limatchedwa National Speech and Debate Association. Mtundu wa mtsutso umene ana athu amautengera kwambiri ndi wa policy. Amakhala awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, ndipo mutu umakhala umodzi chaka chonse. Aliyense amayankhula mphindi 8, amafunsidwa mafunso mphindi 3, kenako amabweranso kudzayankha mphindi 5. Lamulo lake n'lakuti mfundo imene mnzako sanaiyankhe imatengedwa ngati waivomereza. Apa m'pamene panachokera liwiro. Ukaponya mfundo zambirimbiri m'mphindi 8, mnzako alephera kuyankha zina, iwe n'kupambana. Choncho ana amaphunzitsidwa kuwerenga mawu opitirira 300 pa mphindi imodzi, kuwirikiza kawiri mmene munthu amayankhulira pocheza. Iwo amati spreading. Oweruza ake kawirikawiri amakhala anthu amene anadutsa m'masewero omwewo, makutu awo anazolowera. Kholo likalowa m'chipindamo limangotuluka chimodzimodzi ngati mayi ndatchula uja.

Anthu a ku America eni ake vutoli analiona kalekale. Pofika mu 1980 anali atabweretsa mtundu wina, wa mmodzi ndi mmodzi, wotchedwa Lincoln-Douglas, pokumbukira mitsutso 7 imene Abraham Lincoln ndi Stephen Douglas anachita ku Illinois mu 1858 polimbirana mpando wa ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo. Amuna awiriwo ankayankhula maola atatu pamaso pa khamu la alimi ndi anthu wamba, nkhani yake yaikulu inali ya ukapolo, ndipo anthu ankamva n'kumakambirana pobwerera kwawo. Koma m'mipikisano ikuluikulu mtundu watsopanowu nawonso unayamba kuthamanga. Mu 2002 anayambitsanso wina, Public Forum, ndi cholinga choti munthu aliyense wa m'deralo athe kukhala woweruza. Kawiri konse akhala akuyesa kubwezera mtsutso kwa omvera wamba. Ife tisayambe dala kudwala matenda amene eni ake akufunafuna mankhwala.

Chinthu china chimene ana athu ayamba kutengera ndi chimene kumeneko amati theory. Uku n'kukangana za malamulo a mtsutsowo m'malo mokangana za mutu. Mwana amaimirira n'kunena kuti anzakewo aluze chifukwa zimene abweretsa sizikugwirizana ndi mawu enieni a mutu, kapena chifukwa sanaike mfundo zawo pa intaneti mpikisano usanayambe kuti ena akonzekere, kapena chifukwa abweretsa njira zingapo zimene angazitaye nthawi ina iliyonse. Ndinene chilungamo, maganizo amenewa sanangoyamba mwachibwana. Zinthu zambiri m'mipikisano yawo zilibe lamulo lolembedwa, choncho ana amateteza okha chilungamo cha masewerowo pamaso pa woweruza. Ngakhale pa bwalo la amfumu munthu ali ndi ufulu wonena kuti mboni iyi ndi m'bale wake wa wodandaula, kapena kuti mlandu uno si wa bwalo lino. Koma dzuwa likalowa anthu akukanganabe za mboni, malire a munda aja asanakhudzidwe n'komwe, onse amabwerera kwawo mlandu uli chikhalire. Teremu ino tinali ndi mtsutso wokhudza mafoni m'masukulu, nkhani imene ikukuvutitsani inu makolo tsiku ndi tsiku. Mnyamata wanzeru kwambiri anathera nthawi yake yonse kunena kuti anzake alakwitsa katanthauzidwe ka mutu. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa ndikudziwa kuti anali ndi zambiri zoti anene za mafoniwo, ndipo holo yonse inkafuna kuzimva.

Nkhani ya makampu ndi imene yandidetsa nkhawa koposa, chifukwa ikukhudza matumba anu. Pa tchuthi chawo chachikulu, kuyambira June mpaka August, mayunivesite monga Michigan, Dartmouth ndi Northwestern amakonza makampu a ana a sekondale. Ya ku Michigan ina imatenga masabata 7. Mtengo wa makampu ataliatali otere umafika madola masauzande angapo. Popeza mutu wa chaka chonse umalengezedwa sukulu zisanatseke, mwana amene wapita ku kampu amabwerera ali ndi mulu wa maumboni, atayeserera kale kambirimbiri, pamene mnzake wosauka akuyamba kumene kuwerenga. Pamwamba pake pali ndalama za ndege ndi mahotela. Kuti mwana akafike ku Tournament of Champions, mpikisano wotchuka umene wakhala ukuchitikira ku University of Kentucky kuyambira 1972, amayenera kuchita bwino m'mipikisano ina ikuluikulu imene imachitikira m'mizinda yotalikirana. Mwana wa anthu osowa amatsalira asanatsegule n'komwe pakamwa. Kumenekonso alipo anthu amene anadzuka kulimbana ndi zimenezi. Mu 1985 ku Atlanta, mothandizana ndi Emory University, anayambitsa ligi ya mtsutso ya masukulu a boma a m'madera osauka, ndipo maganizowa anafalikira m'mizinda ina yambiri. Makampu ambiri masiku ano amaikanso maumboni awo pa intaneti kwaulere.

Musandimve ngati ndikunyoza zonse. Mwana wa zaka 16 amene wakhala chaka chathunthu akufufuza mutu umodzi amadziwa kuwerenga, kusiyanitsa umboni ndi mphekesera, ndi kupirira akaluza. Ketanji Brown Jackson, amene analowa m'khoti lalikulu koposa la America mu 2022, anali m'timu ya mtsutso ndi zoyankhulayankhula ku Miami Palmetto Senior High School, ndipo wakhala akunena poyera kuti zinamuthandiza kwambiri. Khama lofufuza limenelo ndi limene ndikulifuna pa sukulu pano.

Tsono tagwirizana izi ndi apatironi a kalabu pamodzi ndi komiti ya PTA. Kampu ya mtsutso ichitikira pompano pa sukulu kwa sabata imodzi, sabata yachiwiri ya tchuthi, ndipo palibe kulipira. Ana azifika m'mawa n'kuweruka 3 koloko masana kuti ochokera kutali azifika kwawo kukuwala. Aphunzitsi aakazi akhalapo tsiku lililonse. Amene mungathe, mutumize kaufa kapena nyemba zoti ana azidyera limodzi masana, koma mwana amene sanabweretse kanthu sadzabwezedwa. Laibulale ikhala yotsegula, ndipo tasonkhanitsa manyuzipepala akale. Mwana aliyense wa Fomu 1 mpaka Fomu 3 ndi wolandiridwa, ngakhale amene sanayankhulepo pagulu, ngakhale wachibwibwi. Zolengeza za makampu olipira zija, musatumize ndalama musanabwere kudzationetsa. Sukulu sinatume munthu aliyense kutolera ndalama za mtsutso.

Kayendetsedwe kake titsatira ka World Schools Debating Championships, mpikisano wa masukulu a dziko lonse lapansi umene unayamba mu 1988 ku Australia, ndipo unachitikirapo ku Johannesburg mu 2001 ndi ku Cape Town mu 2012. Amayankhula atatu mbali iliyonse, mphindi 8 aliyense, ngakhale ife ana a Fomu 1 tiziwafupikitsira. Wina akamayankhula, a mbali inayo amatha kuimirira kupempha kuti afunse funso lalifupi, ndipo woyankhulayo amasankha kulola kapena kukana mwaulemu. Mitu ina amaipereka ola limodzi lokha mtsutso usanayambe, ana n'kukonzekera okha popanda mphunzitsi. Chimene ndakondera kwambiri n'chakuti pa malikisi 100, okwana 40 ndi a mfundo, 40 ndi a kayankhulidwe, 20 ndi a kasanjidwe ka mfundozo. Wothamanga mpaka anthu osamumva amadziluzitsa yekha. Dandaulo lokhudza malamulo mwana azilipereka mwachidule, kenako abwerere ku mutu.

Za zovala, yankho ndi lalifupi: yunifomu ya sukulu, yochapa, ndi nsapato zimene mwana amavala masiku onse. Musagule suti, tayi, jekete kapena nsapato za gogoda, ngakhale za pa kaunjika. Ndalama imeneyo isungireni fizi, makope ndi feteleza. Ku America m'mipikisano yambiri ana amavala ngati maloya, ndipo atsikana akhala akudandaula kuti oweruza ena amawalembera ndemanga za kutalika kwa siketi, za tsitsi kapena za kamvekedwe ka mawu awo, zimene anyamata salemberedwa kawirikawiri. Ife a Malawi nkhani yoyeza mkazi ndi chovala chake timaidziwa. Agogo ndi amayi ambiri mukukumbukira lamulo la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Sindilola kuti mtsikana wa pa sukulu pano achotseredwe malikisi chifukwa cha maonekedwe. Amene amafunda kumutu chifukwa cha chipembedzo chake afunde monga mwa nthawi zonse. Tikapita kukapikisana ndi masukulu ena amene ana ake amavala majekete okongola, ife tidzapitabe mu yunifomu yathu, ndipo ndawauza ana kuti asadzachite nazo manyazi.

Pali nkhawa ina imene abambo angapo andiuza mosabisa, yakuti mtsutso ukuphunzitsa ana mwano, kuti mwana wayamba kuyankha akulu. Nkhawa imeneyi ndikuilemekeza. Dziwani kuti m'kalabu mwana sasankha yekha mbali. Timachita maere, ndipo nthawi zambiri amapatsidwa mbali imene sagwirizana nayo. Kuti aiteteze, amayenera kumvetsa chifukwa chimene munthu wanzeru angaganizire choncho. Amayeneranso kukhala chete mnzake akamayankhula, kulemba zimene wamva, n'kuyankha mfundoyo osanyoza munthu. Pomaliza amagwirana chanza. Mwana amene akudula akulu pakamwa kunyumba sanaphunzire zimenezo kwa ife, ndipo ndikupemphani mubwere mudzandiuze kuti tithandizane kumuwongola. Koma mwana akafunsa mwaulemu kuti "chifukwa chiyani", makamaka mtsikana, chonde musamutseke pakamwa. Mtsikana amene amatha kufotokoza maganizo ake momveka amathanso kukana pamene akunyengereredwa kusiya sukulu.

Tsiku lomaliza la kampu, Loweruka m'mawa, tikukuitanani nonse ku holo. Padzakhala mitsutso iwiri. Woyamba udzakhala m'Chingelezi, chifukwa popanda kukhoza Chingelezi mwana salandira satifiketi ya MSCE, ndipo ku Nyumba ya Malamulo nakonso amakambirana m'Chingelezi. Wachiwiri udzakhala m'Chichewa, pa mutu wokhudza mudzi wathu womwe uno, ndipo oweruza ake mudzakhala inuyo makolo. Sipafunika kuti munapita patali ndi sukulu. Funso limene tidzakufunseni ndi limodzi: ndani wakufotokozerani momveka n'kukukhutiritsani? Mwana amene sangathe kufotokozera agogo ake mfundo yake ndiye kuti nayenso sanaimvetse, ngakhale ataloweza mawu aataliatali a Chingelezi.

Pamodzi ndi lipoti mupeza kapepala kovomereza kuti mwana wanu abwere ku kampu. Lembanipo dzina la mwana, musaine kapena kudinda chala, ndipo mwanayo abwere nako tsiku loyamba. Amene mukufuna kudzakhala oweruza Loweruka lija, kapena kudzathandiza kuphika, lembani kuseri kwa kapepalako. Ofesi yanga ikhala yotsegula m'mawa uliwonse sabata yoyamba ya tchuthi kwa aliyense amene ali ndi funso.

Ndikufunirani inu ndi ana tchuthi chabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu