Mkodzo ukachepa mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala

A Mkonzi,

Ndiloleni, monga namwino wopuma, ndikambepo za kuwonongeka kwadzidzidzi kwa timachubu ta m'impso.

Impso iliyonse ili ndi tizisefa pafupifupi 1 miliyoni, kalikonse ndi kachubu kake, ndipo timachubuti timafuna magazi ambiri. Munthu akatha madzi m'thupi ndi kolera, monga tidaonera ku Nkhata Bay mu 2022, mayi akataya magazi pobereka, kapena malungo akakula, magazi safikako mokwanira. Maselo am'kati mwa timachubuti amafa, n'kusupuka, n'kutseka njira. Mkodzo umachepa, umada ngati tiyi wopanda mkaka. Pa maikulosikopu umaonetsa tizidutswa tofiirira ta maselo akufawo. Zoipa zimatsalira m'magazi, miyendo n'kutupa.

Chimandiwawa ndi mapilitsi opha ululu a diclofenac ndi brufen a m'maokala. Munthu akutsekula m'mimba, sakumwa madzi, koma akungomeza mapilitsi amenewa! Gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya, komanso zitsamba zina nazonso zimawononga timachubuti.

Maselowa amameranso, kawirikawiri m'masabata ochepa, wodwala akafika msanga n'kulandira diripi. Ena amafunika dialysis, kusefa magazi ndi makina, poyembekezera kuti impso zidzuke.

Namwino wopuma,
Chibavi, Mzuzu