Kalata yotseguka kwa a Gogo Chalo athu: atsikanafe tatopa nkuvina, tikufuna mipando ku ADC, komiti ya chitukuko cha m'dera

Zikomo Gogo Chalo,

Ndalemba pa Facebook pano chifukwa makalata omwe timasiya kwa alembi anu sayankhidwa, tikabwera kulikulu timangouzidwa kuti Gogo apita ku boma ku msonkhano wa khonsolo mubwerenso. Ndine mmodzi mwa atsikana a kalabu ya pasekondale paja, mumatidziwa, ndife timakuvinirani pa 11 October pa tsiku la mtsikana.

Nkhani ndi ya mnzathu wa folomu 2. Iyeyu anamva kuti msuweni wake wazaka 15 akumupereka kwa bambo wina wogula soya pa sikelo, ankhoswe atakumana kale mwakachetechete. Anachita zomwe munatiuza nokha pabwalo, zoti mukaona zoterezi kaneneni kwa amfumu kapena kwa amayi a mother group. Anakanenadi. Sipanatenge nthawi dzina lake linali litafika kale kwa makolo a mwanayo, basi nkumuitanitsa mnzathuyo kubwalo la anyakwawa, nkumugwaditsa padzuwa ali mu yunifolomu mudzi wonse ukuonerera, ati wanyoza akuluakulu ndipo wayalutsa mtundu. Mayi ake anawalipitsa nkhuku. Okwatitsa mwana aja sanafunsidwe kanthu, anali pompo pa benchi akugwedezera mutu. Mwana wazaka 15 uja pano ali kubanja, mmawa uliwonse timakumana naye ali ndi ndowa pamutu ife tikupita kusukulu, amangoyang'ana kumbali. Mnzathuyo kukalabu anasiya kubwera ndipo atsikana ena akuti bola kungotseka pakamwa. Gogo, ndi zimenezi munkatanthauza?

Sikuti ndikukuphunzitsani malamulo, mumawadziwa kuposa ine. Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2015 kuti ukwati uziyambira zaka 18, mu 2017 anasinthanso malamulo aakulu a dziko nkuchotsa kaja koti wazaka 15 atha kukwatiwa makolo akalola. Zimenezi atsikana anazimenyera, ku Chiradzulu a Memory Banda ndi anzawo anakakamira mafumu awo mpaka malamulo a m'midzi anakhazikitsidwa. Ku Dedza Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ochuluka zedi ndipo mafumu ang'onoang'ono olekerera ankawaimitsa paudindo. Mphamvu zake ndi zomwezo muli nazo inuzi.

Zina ndingotchula mwachangu. Chinamwali chikumachitikabe teremu ili mkati, ana kujomba masabata. Obwerera kusukulu atabereka akumanyozedwa mkalasi momwe pomwe ndondomeko yowalola kubwerera inayamba kale mu 1993. Pasukulu palibe kachipinda kosinthira tikakhala kumwezi. Anzathu a selufu boding akugona m'tinyumba ta lendi pa trading, zitseko zopanda loko.

Paja nthawi yomwe amalemba malamulo a m'dera lino munalonjeza pamaso pa a mabungwe kuti atsikana awiri azikhala nawo mu ADC. Tinaomba m'manja, tinavala ma tisheti, zithunzi zinajambulidwa. Mpaka lero ku ADC kumakhala azibambo ndi azimayi akuluakulu okhaokha akukamba za ife, ife tikaitanidwa ndiye kuti akufuna ndakatulo kapena gule alendo asanadye. Timakulemekezani Gogo, koma izi zikutipweteka kwabasi.

Ndiye pempho lathu nali. Mipando iwiri ija ibwere msonkhano wotsatirawu, ndipo mu VDC iliyonse, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, mukhale mtsikana, wosankhidwa ndi atsikana anzake osati mwana wa anyakwawa wongolozedwa chala, ndipo zomwe wanena zizilembedwa mu maminitsi. Mtsikana akaulula za ukwati wa mwana dzina lake lisamatuluke, woulutsa dzinalo ndi amene azilipa. Anyakwawa aja muwaitane afotokoze, nkhuku ya mayi aja ibwezedwe pabwalo lomwelo anagwaditsira mwana wawo. Ukwati uja uthe ndipo mwanayo abwerere mkalasi teremu ino isanathe.

Tinayamba tadzera kwa inu chifukwa ndinu kholo lathu. Mukapanda kutiyankha mwezi uno tiimba 116, nambala yothandiza ana ozunzidwa, kenako tipita tokha ku Victim Support ya polisi ndi kwa a social welfare ku boma, ndipo tikapita tonse kalabu yonse kuti pasapezekenso mmodzi womugwaditsa.

Ine mdzukulu wanu,
m'malo mwa atsikana a kalabu yathu