Za matabuleti tisamangomvera kwa ana

Akonzi,

Ndiloleni ndiyamikeko pulogalamu ya BEFIT imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023, yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti. Mdzukulu wanga wa Sitandade 2 ankangoimba a e i o u ngati nyimbo ya kudambwe. Sabata yatha wandiwerengera yekha zolembedwa pa thumba la feteleza, kachala kali pa chilembo chilichonse. Akuti akavala zomvera m'makutu, tabuletiyo imamulankhula m'Chichewa, ndipo akalakwitsa imamubwereza osamukalipira. Nanga mphunzitsi mmodzi, ana ali thothotho m'kalasi, angamufikire aliyense choncho?

Dandaulo langa ndi ili. Pasukulu yathu matabuletiwa amatchajidwa ndi sola, ndiye kukachita mitambo, kapena wosunga makiyi akachokapo, ana amabwerako osawagwira n'komwe. Ife makolo timangomvera kwa ana omwewo. Pamsonkhano wa PTA nkhani imakhala ya njerwa ndi malipiro a alonda basi.

Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu azitiuzako masiku amene kalasi iliyonse imaphunzira pa matabuleti, angati awonongeka, ndiponso akukonza ndani. Tsiku lina atiitane tidzaone ana akuphunzira.

Agogo okhudzidwa,
Dedza