Kodi ndimuuze bwenzi langa za matenda a kumtundu kwathu?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mphunzitsi wa zaka 27 kuno ku Nkhotakota. Chinkhoswe changa chayandikira, koma pali nkhani imene bwenzi langa sindinamuuze.

Bambo athu anali msodzi. Atafika zaka za m'ma 40 anayamba kugwedeza mutu ndi manja mosafuna, kuyenda dzandidzandi, kupsa mtima ndi zazing'ono. Kudoko ankati ndi kachasu, ena ankati anaphonya chizimba cha usodzi. Anamwalira atawonda zedi, ngakhale phala likuwatsamwa. Pano achimwene anga ayambanso. Akati asoke ukonde, chingwe chimawapulumuka. Tiyi amathera pamalaya.

Dokotala ku Lilongwe anati zizindikirozi n'za matenda a Huntington. Anatifotokozera kuti maselo a muubongo amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito mankhwala achilengedwe a m'thupi otchedwa glutamate, omwe amafikira pa timakomo totchedwa NMDA receptor. Mwa wodwalayo timakomoti timagwira ntchito mopyola muyezo, mchere wotchedwa calcium n'kumalowa wambiri m'maselomo, ndipo zimenezi zimathandizira kupha maselo a mbali yowongolera kayendedwe ka thupi. Gwero lenileni ndi jini imodzi (kachidutswa ka chibadwa kamene mwana amatengera kwa makolo) imene akatswiri anaitulukira mu 1993. Mwana aliyense wa kholo lodwala ali ndi mpata wa 50 peresenti woitengera. Mankhwala ochiziratu kulibe, alipo ongochepetsa kugwederako.

Amayi akuti ndikhale chete, za kumtundu saulula kwa alendo, ndingathawitse mwamuna. Ndimawamvetsa, anavutika okha ndi bambo, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa anthu akuwanena kuti ndiwo anawalodza. Koma n'chifukwa chake mtima wanga ukukana. Munthu ndimulowetse m'mavuto otere asakudziwa? Nanga ana amene tidzabereke?

Ndamva kuti magazi angayezedwe munthu asanayambe kudwala. Ndikayeza n'kupezeka ndi jiniyo, ndidzakhala bwanji zaka zonsezo ndikungoyang'ana zala zanga? Ndikapanda kuyeza, tulo sindidzalionanso.

Chinanso, alamu anga asiya kuthira zokometsera za m'mapaketi mu ndiwo chifukwa anawerengapo kuti muli monosodium glutamate. Achimwene akudya pang'ono kuposa kale, chonsecho dokotala anati azidya kwambiri. Kodi glutamate wa m'ndiwo amafikadi kuubongo, kapena tikungowamana chakudya?

Ndithandizeni: ndiyambe ndayeza kapena ndiyambe ndamuuza? Ndipo ndimuuze ndekha, kapena ndidzere kwa amalume monga ankhoswe?

Ine wosowa mtengo wogwira,
Nkhotakota