Chilengezo kwa mamembala ochita malonda pa Ngabu

Mamembala nonse, tikumane Loweruka likubwerali 2 koloko masana pamalo athu a nthawi zonse. Nkhani ndi ya mashopu amene ambiri mukufuna kumanga m'mbali mwa msewu wa M1.

Ngalande yothirira yochokera ku Kapichira ikamadzapereka madzi m'minda, katundu wodutsa pa Nchalo, Ngabu mpaka Bangula adzachuluka, ndipo malo apamsika adzakwera mtengo. Musathamangire kugula. Onetsani kaye pulani ku khonsolo ya Chikwawa, chifukwa nyumba yolowa m'malire a msewu imagwetsedwa popanda chipukuta misozi.

Dothi la makande limatupa nthawi ya dzinja, n'kung'ambika m'chilimwe. Khoma la maziko osaya silichedwa kuchita ming'alu. Kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, ndipo pansi pa shopu pakwere kuposa pamene madzi adafika nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Ngalande ya madzi a mvula yakutsogolo kwa shopu musaikwirire pofuna khonde, madzi ake amakathera m'nyumba za anzathu kuseri kwa msika.

Bwerani ndi chiphaso cha bizinesi, makalata a malo ndi malisiti a msonkho wamsika. Amene alibe chiphaso tidzawathandiza kulemba mafomu tsiku lomwelo.

Komiti