Makemikolo a m'malabu asamangosungidwa chisawawa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mmene tikusungira makemikolo m'malabu a sukulu komanso m'masitolo ena kuno ku Lilongwe, makamaka awa amati ma amine ndi anzawo a gulu la nitro, chifukwa ambiri amangowandandalika pa shelefu imodzi potsata alifabeti kapena kukula kwa botolo basi, osadziwa kuti awiriwa sayenera kuyandikana ngakhale pang'ono.

Ma amine ambiri mumawadziwira fungo, amanunkha ngati usipa wowola. Pomwe nitromethane, yomwe ndi ya gulu la nitro, ndi madzimadzi oyera bwinobwino moti anthu ankaiona ngati yosaopsa kwenikweni mpaka mu 1958 pamene matanki a sitima ya pamtunda odzaza nayo anaphulika ku Niagara Falls ndi ku Mount Pulaski ku America. Tsono ikakhudzana ndi amine ndiye zinthu zimaipiratu, kugundidwa kapena kutenthedwa kokha itha kuphulika, ndipo siidikira mpweya wakunja ayi poti okosijeni ili naye kale mkati mwake. Ndiye taganizani botolo likudontha m'kachipinda ka malata kopanda windo, Okutobala ali pakati, ana a Fomu 3 ali kuseri kwa khoma lomwelo.

Ine ndimagwira ntchito za labu, ndipo pa sukulu ina yomwe sinditchula ndinapeza botolo la picric acid, yomwenso ndi ya gulu la nitro, lebulo itadyedwa ndi mphemvu, pakhosi pa botolo patauma timibulu tachikasu, chivindikiro chadzimbiri. Mankhwala amenewa amayenera kukhala onyowa nthawi zonse, akauma kungopotokola chivindikirocho mutha kutaya dzanja. Ndi omwewa anali m'gulu la katundu wa sitima ya pamadzi ya Mont-Blanc yomwe inaphulika ku Halifax ku Canada mu 1917, anthu pafupifupi 2,000 n'kufa. Koma aphunzitsi, osalakwa iwo, ankafuna atsuke botolo lija asungiremo zina.

Mukaona mankhwala asintha mtundu n'kufiira kapena kuda, kapena botolo likufunda lokha, musalitsegule, musaligwedeze, tulutsani ana mutseke chitseko. Ndipo chonde osathira mu sinki kapena m'ngalande, mvula ikagwa zonsezo zikathera mumtsinje wa Lilongwe.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi a MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe, ndi loti atumize akatswiri ayendere malabuwa, achotse mankhwala akalekale opanda lebulo, komanso atiuze nambala yoyimba tikapeza botolo lotere, chifukwa pakadali pano mahedi ambiri amangolibwezera pa shelefu n'kukhoma.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe